Tsiku Limene Mai Taku Anatikaniza Chakudya

M'mawa uliwonse, anthu asanayambe kusesa panja, Mai Taku amatulutsa ketulo ya tiyi ndi makapu achitsulo n'kuziika pamwamba pa mpanda wawo, mbali ya kumsewu. Sagulitsa ayi. Aliyense wodutsa, kaya ndi mlonda wochokera kuntchito, kaya ndi bambo wopita kukafuna ganyu ku Kwekwe, amamufunsa funso lomwelo: "Iwe, wadya?" Ukayankha kuti wadya, amakuyang'ana pakhosi kaye, kenako n'kukuthirira basi. Ife a ku Rutendo tinakula tikudziwa kuti mumsewu wa Mai Taku munthu sadutsamo mothamanga.

Dzina lawo lenileni ndi Lusiya. Timawaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba, Takudzwa, amene anapita ku Joni kalekale. Anabadwira ku komboni ya mgodi wa kuromu ku Lalapanzi. Bambo awo, a Fainos, anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo anakumba kuromu mpaka chifuwa chinawagoneka. Apa m'pamene Lusiya anasiya sukulu ali Fomu 2 kuti azidwazika. Kenako anakwatiwa ndi mwamuna wogwira ntchito ku ng'anjo za zitsulo ku Redcliff, n'kusamukira ku Rutendo. Ng'anjo zija zitazima, amuna awonso atatisiya, anakokera makina osokera pakhonde n'kuyamba kusoka mayunifomu a sukulu. Palibe mtsikana wa kusukulu kwathu amene sanayezedwepo chiuno ndi Mai Taku, ndipo palibe anachokapo pakhondepo wopanda kanthu m'kamwa.

Kusukulu kwathu kunali pulogalamu ya mphotho ya achinyamata. Umathandiza anthu m'dera lako, umaphunzira luso lina, umachita masewera, ndipo pamapeto pamakhala ulendo wa m'tchire. Mumapita kagulu kochepa, katundu kumsana, mapu ndi kampasi m'manja, kugona m'matenti ndi kudziphikira nokha. Lamulo lalikulu ndi lakuti pasakhale wokuthandizani. Osakwera galimoto kapena ngolo, osalandira chakudya kwa munthu, osanyamuliridwa katundu. Madzi okha mukhoza kutunga pa mjigo, koma mopopa nokha. Woyesa amakutsatirani chapatali, ndipo akaona kuti mwathandizidwa, ulendo wonse wafa. Chaka chapitacho anyamata a kalasi yathu anabwerako manja lende chifukwa anakwera lole ya miyala ya kuromu pamtunda wina, akuganiza kuti sakuonedwa.

Atsikana anali asanapiteko n'komwe. Makolo ankakana kuti ana aakazi akagone kutchire popanda mayi wamkulu, ndipo aphunzitsi aakazi onse anali ndi zifukwa zawo. Ifeyo tinalipo anayi: Anotidaishe, amene timangomuti Ano, wolongolola, Nyaradzo, wanyonga, wosewera mpira wa manja, Danai, wamng'ono pa tonse, amene nthawi zonse amamva njala, ndi ine, Estere. Zina zonse tinali titamaliza. Tinali Fomu 4, ndipo tchuthi cha Ogasiti chikanadutsa, mayeso akanatimeza, mphotho n'kutipita.

Mai Taku anamva nkhaniyi akutalikitsa siketi ya Ano. Analavulira mapini m'dzanja n'kunena kuti, "Ndiye vuto ndi mayi wamkulu? Ineyo ndine chiyani, mbuzi?"

Anayenda khomo ndi khomo. Kwathu anakhala pa sofa mpaka bambo anga anatopa ndi kunamizira kuwerenga nyuzipepala.

"Kamodzi kokha, Mai Taku," anatero bambo. "Akalephera, nkhani ya tchire isadzamvekenso m'nyumba muno."

Makolo enawo ananenanso chimodzimodzi. Mai Taku anapita ku Gweru kukaphunzitsidwa ntchito ya woyang'anira gulu, ndipo anabwerako ndi wezulo pakhosi komanso nkhope yodandaula. "Akuti ndisakupatseni ngakhale switi," anatiuza. "Anthu amenewa analeredwa ndi ndani?"

Njira yathu tinaijambula m'mapiri a ku Lalapanzi. Chimene sitinadziwe n'choti Mai Taku, tisananyamuke, anaimbira foni a sosaiti ya maliro ya kukomboni komwe anabadwira. Akuti anangowauza kuti ana a kwathu adzadutsa cha kumeneko, amange agalu ndipo atipempherere. Kwa iwo kumeneku sikunali kuphwanya lamulo. Kudutsa pakhomo pa abale osawadziwitsa ndiye kukanakhala kuphwanya lamulo.

Kombi inatitsitsa mumsewu wa ku Mvuma kukuwomba mphepo yafumbi. Woyesa wathu anali a Wilfred, mphunzitsi wa ku Gweru, wamtali, wowonda, wa chipewa chansalu. Chichewa ankachimva pang'ono, koma mawu awo okondedwa anali a Chishona: "Hazvibvumirwi." Sizololedwa. Mapu anandipatsa ine. Ano anati munthu wosalankhula ndiye amaona njira.

Tisanapite patali tinamva mawu a Wilfred aja koyamba. Tinali titapuma pansi pa mitengo ya misasa, masamba ake atayamba kufiira, pamene Mai Taku anatulukira m'tchire lalanje losenda kale lili m'manja, akuyenda monyang'ama ngati sakubwera kwa ife.

"Hazvibvumirwi, amai," anatero a Wilfred ali kuseri kwa chulu.

"Ndi langa ili, aphunzitsi. Munthu asadye lalanje lake?"

Analidya ataima pomwepo, akutiyang'ana, nkhope itakwinyika ngati akumwa mankhwala.

Madzulo ake tinapeza kuti botolo la palafini wa sitovu latayikira m'chikwama cha Nyaradzo, ndipo mpunga wathu wonse wanyowa. Tinautsuka, tinautsukanso, koma unkanunkhabe ngati nyali. Tinadya motseka mphuno. Buledi anatha msanga, chiponde tinachinyambita mpaka botolo kuwala. Pofika tsiku lomaliza tinanyamuka titangomwa tiyi wopanda kanthu, ndipo Danai anali atasiya ngakhale kudandaula, chimene chinatiopsa tonse.

Dzuwa lili pamutu tinafika pamwamba pa kaphiri, n'kuona komboni m'munsi: mizere ya nyumba zakale za malata adzimbiri, mitengo ya mango, ndi mjigo kumapeto. Mabotolo athu anali atauma. Kenako mphepo inatembenuka, n'kutibweretsera nyimbo za amayi komanso fungo la nkhuku yokazinga.

"Mwari wangu, Mulungu wanga," anatero Danai. "Ndafa ine. Ndafa ndipo ndafika kumwamba."

"Kuli ukwati kapena?" anafunsa Nyaradzo.

Ano anaphimba maso ndi dzanja. "Ukwati wanji woyang'ana kuphiri? Anthu onsewo akuyang'ana kuno, shamwari. Akutiloza."

Anandifunsa ngati tingalambalale. Ndinayang'ana mapu, ndinayang'ananso pansi. Kumanzere kunali maenje a kuromu okhaokha, kumanja waya wa famu ya eni. Madzi ena kunalibe kufikira kumapeto kwa ulendo. Ndinati njira ndi yomweyo.

Tisanafike n'komwe pa mjigo, nthungululu zinatizungulira. Amayi a sosaiti anali atavala maduku oyera. Mphasa zinali zitayalidwa pansi pa mango, miphika itandandalikidwa, ndowa ya thobwa itavundikiridwa ndi nsalu. Patsogolo panaima nkhalamba ya jekete lakuda ndi tayi, itagwira chingwe cha abulu awiri okoka ngolo. Amenewa anali Sekuru Yobu, wapampando wa sosaiti.

"Ana a kwathu!" anafuula. "Tulani, tulani katunduyo. Ponyani m'ngolomu. Aikona kusenza ngati abulu, abulu ndi awa!"

Ano anayamba kufotokoza m'Chishona, mwaulemu, akuwomba m'manja. Gogo wina wamfupi, wa ndodo yachitsulo, anamudula. Anali akazi a Sekuru Yobu, Gogo Eluby.

"Lankhula chakwanu, mwana iwe. Ndiwe wa ndani?"

"Wa a Nehemiya, gogo. A ku Rutendo."

"Nehemiya wa makutu uja? Ndinamusambitsa ine ameneyo. Khala pansi udye."

"Gogo, satilola."

"Ndani?"

Tonse tinatembenuka. A Wilfred anali atakhala pamwala chapatali, chipewa chili pabondo. Mayi wina anali atagwira kale lamba wa chikwama changa kuti andivule, ndipo ine ndinkangogwira mwamphamvu. Wina anavundukula mphika pamaso pa Danai. Ndinaona mmero wa Danai ukukwera ndi kutsika. Chikwama chimodzi chikanangogwera m'ngolomo, kapena dzanja limodzi kulowa mumphika, tikanabwerera ku Rutendo ngati anyamata aja, ndipo ulendo wachiwiri kunalibe.

Mai Taku anatulukira akuthamanga, wezulo ikudumpha pachifuwa. Amayi anawalandira ndi nthungululu zina. "Lusiya! Lusiya wa Fainos!" Iwo anaima, n'kuyang'ana miphika, ngolo, a Wilfred, kenako ife. Ndinaona dzanja lawo likupita lokha ku chipande chimene chinali pamphika wapafupi. Linafika pakati, n'kubwerera. Anagwada m'fumbi pamaso pa Sekuru Yobu.

"Sekuru, ndalakwa ndine. Ndinakuimbirani foni osakuuzani zonse. Ana awa ali pa mayeso. Akalandira chilichonse kwa munthu, alephera."

"Kwa munthu? Ife ndife anthu wamba kwa iwo?"

"Ayi, sekuru. Koma afunika aonetse kuti angathe okha. Ngati mmene bambo anga anayendera wapansi kuchokera ku Ntcheu."

Sekuru Yobu anaseka mpaka kutsokomola. "Fainos? Ndinayenda naye ine Fainos. Ukuganiza tinkadya miyala? Mudzi uliwonse, ku Tete, ku Mutoko, anthu osatidziwa ankatipatsa chinangwa ndi pogona. Akanatikaniza, iweyo bwenzi kulibe." Anapukusa mutu, kuseka kutatha. "Mwana wa Fainos kukaniza ana chakudya. Tauni yakuwononga, Lusiya."

Mawu amenewo anawalasa. Ndinali pafupi, ndinaona khosi lawo likugwa. Munthu amene msewu wonse wa ku Rutendo umamwa tiyi wake, kumuuza zimenezo pamaso pa anthu a kwawo.

"Nkhuku zafa kale," anatero Gogo Eluby. "Tiziuze chiyani? Zidzuke?"

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu okhumudwa. Amayi ena anayamba kunong'onezana. Mai Taku anali chigwadire. Kenako anatembenukira kwa gogoyo ndi mawondo omwewo.

"Gogo, paja ine chinamwali munandivinira ndinu."

"Ndine. Ndipo unali wouma mutu ngati chitsa."

"Tsiku lija mayi anga anabwera kuseri kwa mpanda ndi mbatata yootcha kuti andipatsire pabowo, munatani?"

"Ndinawathamangitsa ndi tsache mpaka kumzere wachitatu. Namwali wanga akalowa si wa mayi ake. Sadya za m'njira, sapatsidwa moni, mpaka atuluke."

"Awa analowa, gogo. Sanatuluke."

Gogo Eluby anatiyang'ana mmodzimmodzi, kuyambira kunsapato zathu zafumbi mpaka kumilomo yathu yong'aluka.

"Namkungwi wawo ndani?"

"Ndine."

"Iwe? Ha! Dziko latha." Analoza ndi ndodo kumwala kuja. "Nanga wa chipewayo?"

"Ndi woona ngati mwambo wayenda bwino."

"Mwamuna?"

"Amaimira patali, gogo."

"Aimire komweko." Anamenya ndodo pansi. "Nanga bwanji sunanene poyamba, chitsiru iwe, m'malo motiuza za Fainos? Vundikirani miphika! Iwe, siya chikwama cha mwanayo. Inu a Yobu, chotsani abulu anuwo, ndipo mutembenuke. Amuna nonse yang'anani kumgodi!"

"Ine ndavala tayi," anadandaula Sekuru Yobu.

"Tayi atembenukenso."

Ndipo anatembenukadi, amuna onse, nkhalamba ndi abulu omwe. Amayi anapatuka n'kupanga mizere iwiri kuyambira pamango mpaka pa mjigo, n'kuyamba nyimbo ina imene ine ndinali ndisanaimvepo, yapansipansi, yowombera m'manja. Nyaradzo, amene kwawo ndi Mashona ndipo sankadziwa chimene chikuchitika, anandinong'oneza kuti, "Atikwatitsa kapena?" Ndinamuuza kuti ayang'ane pansi aziyenda.

Tinapopa madzi tokha. Mayi wina anaiwala n'kutambasula dzanja kuti atithandize kupopa, ndipo ndodo ya Gogo Eluby inamupeza pachigongono. Titadzaza mabotolo tinayamba kutuluka pakati pa mizere ija. Tatsala pang'ono kumaliza, wezulo inalira koopsa. Mai Taku anathamangira kwa Danai, n'kupisa dzanja m'thumba la pambali la chikwama chake, n'kutulutsa mwendo wa nkhuku wokulungidwa m'pepala. Mayi wina wachifundo anali ataulowetsamo mwakabisira. Danai anauyang'ana mwendowo ngati m'bale wake amene akukwera basi.

Mai Taku anaukweza m'mwamba kuti a Wilfred auone bwino, kenako anauluma.

"Za anamwali amadya ndi namkungwi," anatero pakamwa podzaza.

Amayi anagwa nako kuseka, nyimbo n'kusokonekera. Gogo Eluby anafuula kumbuyo kwathu: "Lusiya! Akatuluka ubwere nawo kuno. Nkhuku izi zigona pamoto. Ukapanda kubwera nawo, pamaliro pako sitidzaimba!"

"Ndamva, gogo!"

Mtunda wotsalawo unali woipa kuposa yonse. Kanjira kamene kanali pamapu kanali katadyedwa ndi dzenje latsopano la okumba kuromu, ndipo ndinachita kutsata mapolo a magetsi mpaka tinakapezanso kutsidya. Danai anayamba kulira mwakachetechete akuyenda. Nyaradzo anamasula tenti pachikwama cha Danai n'kuimangirira pa chake, pakuti kuthandizana nokhanokha n'kololedwa. Ano anayesa kuyimba nyimbo ya amayi ija ndi mawu ongopeka, onena za mpunga wa palafini, mpaka Danai anaseka misozi ili m'masaya. Nthawi ndi nthawi ndinkacheuka. Kutali kumbuyo ndinkaona duku la Mai Taku likutuluka ndi kulowa m'mitengo, osayandikira.

Ulendo unkathera pabwalo la sukulu ina ya pulaimale, kumene tinapatsidwa kalasi yogonamo. Tinalowa pageti dzuwa litapendeka, tonse anayi pamodzi, aliyense ndi chikwama chake kumsana. Tinakhala pansi pa mlongoti wa mbendera n'kudikira.

A Wilfred anafika mochedwerapo, ndipo pashati pawo panali dontho la mafuta limene m'mawa panalibe. Ano analiyang'anitsitsa.

"Lamulo silinena za woyesa," anatero iwo, akukonza kolala.

Anatifunsa mafunso ambiri: za njira, za dzenje lija, za chimene tingachite mosiyana ndi palafini. Kenako anatembenukira kwa Danai.

"Mwendo uja unauluma?"

"Ayi, sa. Ndinangomva fungo."

"Fungo zvinobvumirwa, ndi lololedwa." Anavula chipewa. Anati ayesa magulu ambiri, ndipo aona ana akugonja kwa lole, kwa mvula, kwa matuza a kumapazi, koma sanaonepo gulu likuyesedwa ndi komboni yonse. "Mwakhoza nonse."

Sindikumbuka amene anayamba kukuwa. Ndikukumbuka Nyaradzo atanyamula Danai m'mwamba, ndi Ano akuthamanga kuzungulira bwalo wopanda nsapato. Mai Taku analiza wezulo ndi nthungululu nthawi imodzi, zimene sindinkadziwa kuti n'zotheka. Anavina fumbi n'kukwera, kenako anakhala pansi mwadzidzidzi, n'kuvula matenisi awo. Mapazi awo anali otupa kuposa athu. Anatulutsa foni n'kuimbira bambo anga, mawu ali pamwamba kuti tonse timve.

"Bambo a Estere, mwana wanu watiyendetsa m'mapiri osasochera. Muuze a Nehemiya ndi enawo. Ayi, sakudwala. Ayi, sanadye. Ndamukaniza ndine." Anaseka mpaka anapukuta maso ndi nsonga ya duku. "Eya, ineyo. Mulembe tsiku."

M'mawa mwake anatidzutsa kukuzizirabe. Anatitumiza kumpopi wa sukulu kukasamba, n'kutulutsa zitenje zinayi m'chikwama chawo, n'kutimanga m'chiuno mmodzimmodzi, mwamphamvu, akutitembenuza ngati akutiyeza yunifomu. Woyendetsa kombi atafika kudzatitenga, anamuuza kuti azungulire msewu wa kumgodi akatipeze kukomboni, ndipo abwere ndi njala. Ifeyo anati tiyenda wapansi, chifukwa anamwali satulukira pawindo la kombi.

Pageti anaima n'kuyang'ana a Wilfred, amene ankamanga zingwe za nsapato.

"Aphunzitsi, lero ndaloledwa?"

"Zvinobvumirwa, amai."

Anandilanda chikwama changa n'kuchibereka kumsana. Cha Danai anachisenza pamutu, cha Ano n'kuchikolekera paphewa. Nyaradzo anathawa nacho chake akuseka. Ndipo anatitsogolera kutsika phiri, mayi wamfupi wosaoneka pansi pa katundu wa anthu atatu, akutsimphina, akuyimba mokweza kuti a kukomboni amve kuti tikubwera.